Mkungudza watithera pa Mulanje, tisalole madzi atsatire

M'chaka cha 2017 akatswiri a zankhalango anakwera phiri la Mulanje kukawerenga mitengo ya mkungudza imene inali itatsala. Anayenda m'zigwa ndi m'makhwawa momwe kale munali nkhalango zowirira za mtengowu, koma zambiri zimene anapezamo ndi zitsa, utuchi ndi maenje a anthu ocheka matabwa. Mitengo yokhwima, yoti n'kubereka njere, anaipeza 7 yokha paphiri lonselo.

Mtengo umenewu ndi womwe mu 1984 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaulengeza kuti ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, koma pa Mulanje pokha, pamtunda pomwe pamazizira ndi kuchita nkhungu. Mayiko ena chinthu chikawathera amakapempha mbewu kwa anansi awo. Ife pankhani ya mkungudza tilibe mnansi woti tikagogode pakhomo pake, chifukwa eni ake ndife.

Komabe anthu ambiri nkhaniyi amaimva ngati ya alendo okonda kukwera mapiri kapena ya ophunzira a zomera. Mlimi amene mutu wake waima ndi mtengo wa thumba la feteleza angathe kufunsa kuti: mtengo wa pamwamba paphiri, umene sindinauonepo n'kamodzi komwe, ukundikhudza bwanji? Funso limeneli si lachibwana, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mawu okuluwika. Yankho lake lili m'madzi amene timamwa, m'minda imene timathirira, ndiponso m'manda a abale athu amene anakwiriridwa ndi matope.

Mtengo umene chiswe chimaulambalala

Chimene chinapha mkungudza ndi ubwino wake womwe. Thabwa lake ndi lopepuka, losavuta kupala, lonunkhira bwino, ndipo lili ndi mafuta amene chiswe ndi anankafumbwe amadana nawo. Siliwola msanga ngakhale litakhala m'madzi. N'chifukwa chake akalipentala amalifuna popanga zitseko, mafelemu ndi madenga, opanga maboti kunyanja amalifunanso, ndipo osema ziboliboli a ku Likhubula akhala akugulitsa timabokosi tonunkhira ta mtengowu kwa alendo kwa zaka zambiri. Mtengo wokhwima umatha kutalika mpaka mamita 40, koma kuti ufike pamenepo pamadutsa mibadwo ya anthu. Amene waudula m'mawa umodzi sadzauona wina wolowa m'malo mwake, ngakhale mwana wake sadzauona utakula chomwecho.

Azungu anaudziwa mtengowu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, kudzera mwa Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene ankagwira ntchito ndi boma la Harry Johnston. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, linachokera kwa iye. Atsamunda sanachedwe kuyamba kucheka matabwa omangira nyumba ndi maofesi a boma. Mu 1927 phirili linaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa ndi lamulo, koma kucheka sikunaleke. Kunangoikidwa m'manja mwa dipatimenti ya zankhalango.

Lamulo limene linadzakhalapo linkaoneka lanzeru: ziphaso zinkaperekedwa zochekera mitengo youma yokha, yamoyo ayi. Koma munthu wofuna ndalama anaona pothawira. Ngati chololedwa ndi mtengo wouma, ndiye kuti chofunika n'kuumitsa wauwisi. Ena ankasenda khungwa kuzungulira tsinde, ena ankakoleza moto m'munsi mwake, n'kudzabwera chaka chinacho mtengo utafa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti nkhalango ya mkungudza inali itatsala mahekitala pafupifupi 845, ndipo pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse imene inali chiimire unali wakufa kale. Boma litasiya kupereka ziphaso, macheka sanatsike m'phiri. Anangoyamba kulira mobisa.

Kuwonjezera pa anthu, panabweranso adani ena. Pakati pa zaka za m'ma 1980 m'dziko muno munalowa nsabwe za mitengo zochokera kunja, zimene zimayamwa madzi m'nthambi za mkungudza mpaka kuziumitsa. Mitengo ya paini imene inadzalidwa paphiripo, makamaka kudera la Chambe, inayamba kudzifesa yokha n'kulanda malo a zomera zachilengedwe. Koma mdani woposa onse ndi moto. Chaka ndi chaka, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, alenje amatentha tchire posaka nyama, ndipo moto ukalowa m'udzu wouma wa pamtunda palibe wouzimitsa. Mtengo waukulu nthawi zina umapulumuka, koma kambande kamene kangomera kumene kamapsa n'kutheratu. Choncho akuluakulu ankagwa ndi macheka, ana ake nkumapsa ndi moto. Mtundu uliwonse ukafika pamenepo, watha.

Ndikufuna tisathamangire kuloza chala mnyamata amene amatsika m'phiri ndi thabwa pamutu. Amene anaonapo anyamata amenewa amadziwa kuti si ntchito imene munthu angaisankhe ali ndi pena pogwira. Amanyamuka usiku, amayenda m'njira zoterera za m'matanthwe, ambiri opanda nsapato, atasenza thabwa lalitali kuposa iwo eni, ndipo ndalama imene amalandira ndi yongogulira ufa ndi sopo. Phindu lenileni limapita kwa amene ali ndi galimoto yodikirira kumsewu, kwa amene amadziwa njira yodutsira pamalodibuloko, ndi kwa wogula amene amakongoletsa nyumba yake m'tauni osafunsa kumene thabwalo lachokera. Pamilandu ya zankhalango, kawirikawiri amene timamuona ali m'manja mwa apolisi ndi wosenza uja. Wotuma sitimuona.

Mtsuko wa chigawo chonse

Phiri la Mulanje lili ngati mtsuko waukulu woikidwa pakati pa chigwa. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepo m'Malawi. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere ya India ikawoloka Mozambique imagunda phirili, n'kukwera, n'kuzizira, n'kusanduka mvula. Ngakhale m'miyezi yozizira, pamene madera ena kuli gwa, kuno kumagwa mvula yamawawa ya chiperoni. Ndi chinyezi chimenechi chimene chinachititsa kuti tiyi ayambe kulimidwa ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo mpaka lero tiyi ndi imodzi mwa mbewu zikuluzikulu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno.

Koma thanthwe palokha silisunga madzi. Chimene chimasunga madzi ndi nkhalango, udzu ndi dothi la pamwamba pake. Masamba ndi ndere zolendewera m'nthambi zimakola nkhungu n'kuidonthezera pansi. Zinyalala za masamba owola zimamwa mvula, mizu imatsegula njira zoti madziwo alowere m'nthaka, ndipo kuchokera mmenemo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Ndi chifukwa chake mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Sombani ndi Phalombe imayenda ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mukachotsa chofunda chimenechi, mvula imagwabe, koma madzi ake amatsika tsiku lomwelo, ofiira ndi dothi, ndipo ikafika nyengo ya chilimwe mtsinje umasanduka mchenga.

Tayesani kutsatira madziwo kumene amapita. Ruo ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo amakathira mu Shire ku Chiromo, anthu a mbali zonse ziwiri akumwa ndi kuthirira mbewu. Phalombe ndi Sombani amalowera chakumpoto, kudambo la nyanja ya Chilwa, kumene kuli asodzi a matemba ndi alimi a mpunga. Chilwa ndi nyanja yosaya imene yaphwapo kangapo, monga mu 1995 ndi mu 2018, ndipo mtsinje uliwonse wothiramo ukachepa mphamvu, asodzi ndiwo amayamba kumva kuwawa. Kwa Bondo, madzi a Lichenya amapukusa makina a magetsi a bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency, amene akuunikira midzi, sukulu ndi chipatala kumene mawaya a ESCOM anali asanafike. Amayi amene amachira usiku kuchipatala chimenecho magetsi akuyaka akudalira nkhalango ya pamwamba paphiri, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Ndipo si anthu a ku Mulanje okha. Mzinda wa Blantyre wakhala ukudalira madzi a Shire, opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, kukwera chitunda ndi magetsi ambiri ndithu. Pofuna kuchepetsa vutoli, bungwe la Blantyre Water Board linatenga ngongole ya madola 23.5 miliyoni ku India n'kuyala mapaipi kuchokera mumtsinje wa Likhubula kufika ku Nguludi, kumene madziwo amatsukidwa. Ntchitoyi inatha mu 2019, ndipo inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku. Madziwo amatsika okha kuchokera m'phiri, osafuna kupopa kwambiri. Pamene ntchitoyi imayamba, anthu ena a ku Mulanje anakwiya, nkumafunsa chifukwa chimene madzi awo akupitira kutauni pamene phiri lawo likutha ndipo midzi yawo ina ilibe mipopi. Ambiri anawaona ngati osokoneza chitukuko. Ine ndikuona kuti funso lawo linali lolondola, ndipo mpaka lero silinayankhidwe mokwanira. Ngongole ija tidzaibweza tonse, mtsinje ukuyenda kapena utauma.

Napolo akatsika

Akuluakulu a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba amati phiri likagumuka ndi madzi, ndiye kuti Napolo wadutsa. M'mwezi wa Malichi 1991, madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'phiri la Michesi, loyandikana ndi Mulanje, n'kukokolola midzi ya ku Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ambiri mitembo yawo sinapezeke. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo wa Malichi mu 2023, namondwe wa Freddy anabwera. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ku Blantyre, phiri la Soche linatsikira pa anthu a ku Chilobwe.

Tinene zoona pano. Mvula yochuluka chonchija ingathe kugumula phiri ngakhale lili ndi mitengo, ndipo si bwino kuuza mayi amene anataya ana ake kuti tsokalo anadziputira yekha ndi nkhwangwa. Komanso mpweya umene ukutenthetsa dziko n'kumakulitsa anamondwe amenewa, gawo lalikulu silichokera kwa ife. Koma n'zoonanso kuti malo otsetsereka amene ali ndi mizu amagwira dothi kuposa malo ometedwa mpala, ndipo nkhalango imachedwetsa madzi, n'kupereka mpata woti anthu athawe. Mphindi zochepa zimenezo ndi zimene zimasiyanitsa banja lopulumuka ndi banja lokwiriridwa. Mvula sitingailamule. Chimene chili m'manja mwathu ndi mmene phiri lizikhalira mvulayo ikamafika.

M'munsi mwa phiri, mitengo imene ikutha si mkungudza koma misuku, mitondo, miwanga ndi ina yachilengedwe, imene ikupita ku nkhuni ndi makala. Ndondomeko ya boma yokhudza makala, ya zaka za 2017 mpaka 2027, imanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Choncho thumba la makala limene lili pakhonde ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Namiwawa ndi mtengo umene unali chiimire penapake. Wootcha makala ndi wophikira makala ali pa mlandu umodzi, ndipo onse awiri sangasiye ngati gasi ndi magetsi zili zodula kapena zosadalirika. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhale zokhwima. Zimenezo n'zabwino, koma chilango chokha sichiphika nsima.

Phiri la mizimu

Pali chifukwa china chosungira phirili chimene sichiyezedwa ndi malita kapena makwacha. Kwa Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao okhala mozungulira, Mulanje ndi kwawo kwa mizimu ya makolo. Kuli malo amene munthu sapitako mwachisawawa, kuli maiwe ngati Dziwe la Nkhalamba amene ali ndi mbiri zawo, ndipo kuli miyambo yothira nsembe popempha mvula. Asing'anga amakazula mankhwala komweko. Wina angathe kukhulupirira zimenezi kapena ayi, koma mantha ndi ulemu umenewu ndi zimene zinateteza nkhalango zambiri kalekale kusanabwere alonda a yunifolomu. Munthu amene amaona phiri ngati mudzi wa agogo ake salitentha kuti agwire mbewa.

Dziko lapansi lavomereza zimenezi. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika Mulanje m'gulu la malo ofunika kwambiri pa zachilengedwe, ndipo mu Julaye 2025 linalemba phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ake. Lakhala malo achitatu a Malawi pamndandandawu, kutsatira paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Paphiri lomweli palinso abilimankhwe, achule ndi maluwa amene sapezeka kwina kulikonse, ndipo anyamata ambiri a ku Likhubula ndi ku Fort Lister amadyetsa mabanja awo poperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu.

Ulemu umenewu ukubwera ndi mayeso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 zakhala zikudziwika kuti pamtunda wa Lichenya pali bauxite, dothi lopangira aluminiyamu, ndipo nthawi ndi nthawi pamabwera makampani ofuna kukumba. Dziko losauka ngati lathu silingakane migodi yonse, ndipo sindikunena kuti likane. Koma bauxite sakumbidwa pobowola dzenje laling'ono. Amachita kusenda nthaka yonse ya pamwamba, yomwe ija imasunga madzi a mitsinje. Mgodi umakhala ndi zaka zake zowerengeka, ukatha kampani imanyamuka. Mtsinje ukasamalidwa sukhala ndi tsiku lotsekera. Pa Mulanje ndiye ayi, pasakumbidwe.

Kudzala n'kosavuta, kulera ndiye ntchito

Nkhani ya mkungudza sinathere pa mitengo 7 ija. Mwamwayi, kalekale mitengo ina ya mtunduwu inadzalidwa paphiri la Zomba, ndipo kumeneko ndi kumene kwakhala kukuchokera njere. Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya Forestry Research Institute of Malawi ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International la ku Britain, anakhazikitsa nazale 10 m'midzi yozungulira phiri. Anthu a m'midzimo, ambiri mwa iwo amayi, anaphunzira kufesa njere ndi kulera mbande m'machubu, ndipo mbandezo zinkagulidwa kwa iwo. Mbande mazana a zikwi zakwezedwa m'phiri pamitu ya anthu, kudutsa njira zomwe zija matabwa ankatsikira.

Chimene chimandikhudza pa ntchitoyi si kuchuluka kwa mbande, koma kuti kwa nthawi yoyamba munthu wa m'mudzi anapeza ndalama kuchokera ku mkungudza wamoyo. Kale mtengowu unkalipira ukagwa basi. Mayi amene walipirira mwana sukulu ndi ndalama ya ku nazale sangasekerere woyatsa moto, ngakhale woyatsayo atakhala mlamu wake. Ulonda woterewu ndi umene boma silingathe kuulemba ntchito.

Koma mbande zambiri zodzalidwa paphiri zimafa, zina ndi moto, zina ndi chisanu, zina ndi dzuwa. Apa ndi pamene dziko lathu limalephera kawirikawiri. Chaka chilichonse pa 15 Disembala timatsegulira nyengo yodzala mitengo, imene imatha pa 15 Epulo, ndipo timamva za mitengo mamiliyoni ambiri imene idzalidwe. Malawi analonjezanso kumayiko anzake kuti pofika 2030 adzakhala atabwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni. Zonsezi n'zabwino, koma mtengo suwerengedwa tsiku lodzala. Uwerengedwe patapita zaka zisanu, utapulumuka mbuzi, chiswe ndi moto wa mu Okutobala. Ntchito yeniyeni ndi yolambula njira zotchinga moto mu Juni ndi Julaye, yolondera m'chilimwe, yopalira ndi kubwezera pamene pafa. Imeneyi ilibe mwambo wotsegulira, ndipo ndi imene imasowa ndalama.

Ndalamazo zichokere kuti? Thandizo la mayiko akunja limabwera ndi zaka zake, likatha limapita. Amene ayenera kulipira ndi amene akudya za phirili tsiku ndi tsiku: mabungwe ogulitsa madzi, minda ya tiyi, opanga magetsi, malo ogona alendo, ndi ife amene timatsegula mpopi m'tauni. Kagawo kochepa ka bilu ya madzi, kolembedwa poyera ndi koyang'aniridwa bwino, kangathe kulipira olambula njira za moto, alonda ndi anazale chaka chonse. Kumeneko si kupereka mphatso kwa anthu a ku Mulanje ndi Phalombe. Ndi kulipira ntchito imene akutigwirira akasiya mtengo uli chiimire pamene m'nyumba mwawo mulibe ufa. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira chilengedwe poganizira ufulu wa mibadwo yam'tsogolo, choncho aphungu athu ali ndi poyambira.

Mafumu nawonso ali ndi mphamvu imene ofesi ya boma ilibe. Nyakwawa imadziwa mnyamata aliyense amene amakwera ndi sowo, imadziwanso galimoto imene imaima usiku pamphambano. Kumene mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi agwirizana n'kupatsidwa gawo pa phindu la nkhalango, malamulo a m'mudzi amagwira ntchito kuposa chikalata chochokera ku Lilongwe. Makhoti nawo ayambe kufunsa kuti thabwa linkapita kwa yani, osangolekera pa amene wagwidwa nalo.

Inu owerenga, makamaka a m'tauni, gawo lanu lilipo ndipo silovuta kulimvetsa. Wina akakutsatsani thabwa, chitseko kapena kabokosi ka mkungudza, dziwani kuti palibe njira yolungama imene mtengowo watsikira m'phiri, ndipo mukane. Ngati mungathe kuphikira gasi, magetsi kapena mbaula yosatha makala ambiri, yambani mwezi uno. Mtengo umene munadzala mvula yathayi, pitani mukauone ngati uli moyo, muulambulire moto usanafike. Ndipo phungu wanu akabwera kumsonkhano, mufunseni kuti ndi ndalama zingati za mu bajeti zimene zikupita kukateteza kumene mitsinje ya dera lanu imachokera.